Magitala a ku Migodi: Nyimbo ndi Ndale ku Kitwe ndi Ndola

Zamrock ndi dzina la nyimbo za magitala amagetsi zimene zinabuka ku Zambia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kwawo kwenikweni kunali m'matauni a migodi ya mkuwa, makamaka Kitwe, Ndola ndi Chingola, ngakhale kuti ku Lusaka kunalinso akatswiri ake. Amene anapeka dzinali ndi Manasseh Phiri, muulutsi wa pa wailesi yemwe anadzatchukanso ngati dokotala wolimbana ndi matenda a Edzi. Zinali nyimbo zaphokoso, za gitala losasa mawu ndi ng'oma zolemera, zoimbidwa ndi anyamata a m'makomboni omwe ambiri mwa iwo anaphunzira okha kuliza zida zawo.

Anthu a ku Ulaya ndi ku America okonda zimbale zakale akazimva lero amafulumira kuziyerekeza ndi punk, mtundu wa nyimbo umene unaphulika ku New York ndi ku London cha m'ma 1976. Punk inali ya achinyamata otopa ndi ulova ndiponso ndi ulamuliro wa akuluakulu. Nyimbo zake zinali zazifupi, zosakometsera, zoti aliyense wodziwa kugwira zingwe pang'ono n'kuimba. Magulu ena anailowetsa m'ndale mosabisa. Mu 1977 wailesi ya BBC inaletsa nyimbo ya Sex Pistols yotchedwa God Save the Queen chifukwa inkanyoza ufumu wa dzikolo, ndipo mu April 1978 gulu la The Clash linaimba ku Victoria Park mu London pa msonkhano waukulu wodana ndi tsankho. Kuno kum'mwera kwa Africa kunali National Wake ya ku Johannesburg, gulu la azungu ndi anthu akuda oimbira pamodzi m'nthawi imene malamulo a tsankho ankaletsa ngakhale kukhala nyumba imodzi. Apolisi sanawapatse mpata wopuma, ndipo atatulutsa chimbale chimodzi mu 1981 gululo silinakhalitse.

Kuyerekezako kuli ndi pogwira, koma sikufika pa tsinde. Anyamata a ku Kitwe anayamba phokoso lawo punk isanabadwe, ndipo aphunzitsi awo anali Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown, amene anadzaimba yekha ku Zambia mu 1970. Ndale zawonso zinali za mtundu wina, chifukwa dziko lawo linali litangolandira kumene ufulu ndipo boma linali la anthu awo omwe. Nkhani ya nyimbo zimenezi imayambira pa mgodi.

Mgodi ndi makomboni ake

Mgodi wa Nkana, umene unatenga dzina la mfumu ya Alamba ya m'deralo, unayamba kutulutsa mkuwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 pansi pa kampani ya Rhokana Corporation, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa pambali pake mu 1936. Kampani inagawa malo okhala potengera khungu. Nkana West ndi Nkana East kunali kumayadi kwa azungu: nyumba zazikulu za njerwa, kapinga wothiriridwa, mitengo ya mthunzi m'mbali mwa misewu, ndi kanyumba ka wantchito kuseri. Anthu akuda, omwe ankatsika pansi kukaswa miyala, anaikidwa ku Wusakile, ku Chamboli ndi ku Mindolo, m'tinyumba tofanana tondanda m'mizere. Kuchokera ku Nkana West kupita ku Wusakile ndi mtunda woyenda wapansi, koma malipiro a mbali ziwirizi ankasiyana ngati usana ndi usiku. Chimene ankagawana ndi utsi wa m'ng'anjo yosungunulira miyala, umene anthu a kumeneko amautcha senta. Mphepo ikautembenuzira kwanu unkakanda pakhosi, unkatulutsa misozi, ndipo unkawaula masamba m'dimba.

Anthu a m'makomboniwo anachokera kutali. Munali Abemba, Alunda, Alozi, Ansenga, Achewa ndi Angoni a ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata, ndiponso ambiri a ku Nyasaland amene sukulu za mishoni zinawapezetsa ntchito za ukalaliki. Aliyense anabwera ndi gule wakwawo, ndipo gule ndi ndale zinagwirana manja msanga. Pa sitalaka yoyamba ya anthu akuda mu May 1935, imene inayambira ku Mufulira n'kufika ku Nkana ndi ku Luanshya chifukwa cha kukwera kwa msonkho, magulu ovina Mbeni ndiwo ankathandiza kufalitsa uthenga kuchoka pa mgodi wina kupita pa unzake. Mbeni ndi mbale wake wa Beni ndi Malipenga a ku Malawi, gule wa mayunifolomu ndi maudindo otengera asilikali. Pa sitalakayo anthu 6 anaphedwa ku Luanshya. Pa 3 April 1940 asilikali anaombera khamu la onyanyala ntchito pa Nkana penipeni, ndipo anthu 17 anamwalira. Mu 1949 ogwira ntchito m'migodi anakhazikitsa bungwe lawo lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. M'zaka zomwezo gule wa Kalela ankavinidwa Lamlungu masana m'makomboni, ndi nyimbo zoseka mitundu ya anthu, zoseka akazi ndi amuna a m'tauni, zoimbidwa ndi anyamata ovala mwaukhondo ngati makalaliki. Kuimba kodzudzula sikunachite kubwera ndi gitala lamagetsi. Gitalalo linapeza mwambo uli kale.

Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, mpanda wa pakati pa mayadi ndi makomboni unayamba kugumuka. Anthu akuda okwezedwa pa ntchito analowa m'nyumba za ku Nkana West. Mu 1966 komiti ya Brown inalimbikitsa kuti malipiro a anthu akuda a m'migodi akwere ndi 22 peresenti, ndipo mu 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse a makampani a migodi. Mkuwa unali pa mtengo wabwino ndipo unkabweretsa ndalama zakunja zoposa magawo 90 pa 100 alionse. Wogwira ntchito pa mgodi ankatha kugula wailesi, galamafoni, ngakhale suti. Makampani anali ndi maholo a zisangalalo, makalabu ndi mabwalo a mpira, ndipo onsewa ankafuna oimba Loweruka lililonse. Mwana wa m'komboni amene anayamba ndi banjo ya chigubu cha mafuta ndi zingwe za waya tsopano ankamva zimbale za ku London zikulira m'mashopu a m'tauni, ndipo ankadziwa holo imene muli gitala lenileni.

Afiti a ku Kitwe

Gulu lotchuka kuposa onse linali WITCH. M'Chingerezi liwuli limatanthauza mfiti, dzina loti munthu wolera ana m'tchalitchi sangalitchule mosaipidwa, ndipo anyamatawo ankadziwa bwino lomwe zimenezo. Kenaka zilembo zake anaziwerenga ngati chidule cha We Intend To Cause Havoc, kunena kuti cholinga chawo n'kuyambitsa chipwirikiti. Woimba patsogolo anali Emmanuel Chanda, amene anakulira ku Kitwe m'nyumba ya mkulu wake wogwira ntchito pa mgodi. Anthu ataona kavinidwe kake anamutcha Jagger, dzina la woimba wa Rolling Stones, ndipo iye analipinda kuti limveke lakwawo, n'kukhala Jagari. Anzake anali Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa gitala la besi ndi Boidi Sinkala pa ng'oma, kenaka Paul Mumba analowa ndi limba.

Chimbale chawo choyamba, Introduction, anachijambula ku Malachite, situdiyo ya ku Chingola imene makampani a migodi ankapangirako mafilimu awo. M'dzikomo munalibe fakitale yodinda zimbale, choncho tepi inachita kupita ku Nairobi, ndipo zimbale zitabwera anyamatawo ankagulitsa okha kumene akaimba. Apa ndiye pamene amafanana kwambiri ndi magulu a punk, omwe patapita zaka zochepa anadzayamba kudzijambulira ndi kudzigulitsira nyimbo posafuna kudikira makampani akuluakulu. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku London ankachita zimenezo mwa kufuna, pamene a ku Kitwe analibe njira ina.

Mawu a Zamrock amachokera m'kabokosi kakang'ono kachitsulo kamene woliza gitala amakaika pansi n'kukaponda ndi phazi. Kasanapondedwe, gitala limalira bwinobwino ngati la m'kwaya. Kakangopondedwa, mawu amasweka, amasasa, amachita ngati mavu zikwi atsekeredwa m'chitini, ndipo chingwe chimodzi chikakhudzidwa chimalira nthawi yaitali osaleka. Pansi pa phokosolo, woimba ng'oma ankasakaniza kamenyedwe ka rock ndi ka magule a kumudzi. Holo ya pa mgodi ikadzaza, anyamata a tsitsi lofutukuka, mabuluku otambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali zidendene ankapanikizana mpaka pakhomo, ndipo Jagari ankadumpha, kugubuduka, kulowa m'khamu, n'kubwereranso pa nsanja thukuta lili kamukamu. Kuimba kunkatha maola ambiri. Owerenga a ku Malawi angakumbukire kuti m'zaka zomwezo, pansi pa Kamuzu Banda, mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Malire a Mchinji ankalekanitsa maiko awiri a chipani chimodzi, koma achinyamata ake sankapuma mpweya wofanana.

WITCH inatulutsa In the Past mu 1974, Lazy Bones!! mu 1975 ndi Lukombo Vibes mu 1976. Lazy Bones!! ndicho chimbale chimene ambiri amati n'chokhwima kuposa zonse, ndipo muli nyimbo zachisoni monga Black Tears ndi Motherless Child, zokamba za umasiye ndi kusowa pogwira. Pofika nthawiyi Ndola inali itasanduka likulu la malonda a nyimbo. Kampani ya Teal inali ndi fakitale yodinda zimbale kumeneko, ndipo Edward Khuzwayo, wochokera ku Rhodesia, anali atatsegula Zambia Music Parlour, imene inajambulitsa ndi kugulitsa nyimbo za magulu ambiri.

Kitwe inabalanso Amanaz, gulu lokhazikitsidwa mu 1973, lomwe dzina lake nalonso ndi chidule cha mawu a Chingerezi. Linatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975, chokhala ndi nyimbo za m'Chingerezi ndi m'Chibemba. Nyimbo yake yofatsa yotchedwa Khala My Friend ndiyo inadzazungulira dziko lapansi patapita zaka 40. Woimba wake, Keith Kabwe, ankadziwika ndi kutulukira pa nsanja kuchokera m'bokosi la maliro. Ku Chamboli kunachokera gulu la The Peace, lomwe chimbale chake linachitcha Black Power, dzina lotengedwa ku nkhondo ya anthu akuda a ku America yomenyera ufulu wawo.

Ndale za phokoso

Chapakati pa zaka za m'ma 1970 Kaunda analamula kuti magawo 95 pa 100 alionse a nyimbo zoulutsidwa pa wailesi ya boma akhale a ku Zambia. Kaunda mwini wake ankaliza gitala ndipo ankakonda kuimba pa misonkhano. Cholinga chake chinali kumanga mtundu umodzi ndi kuchepetsa chikoka cha zakunja, koma amene anapindula msanga anali anyamata a magitala aphokoso aja, chifukwa wailesi inasowa nyimbo zokwanira zodzaza tsiku. Situdiyo zinatanganidwa, zimbale zinachuluka.

Dzanja lomwelo limene linatsegula wailesi linali litatseka pakamwa pa andale. Mu August 1971 Simon Kapwepwe, mnzake wa Kaunda wa paubwana, anachoka m'boma n'kutsogolera chipani cha UPP, chimene mphamvu zake zinali ku migodi. Mu December chaka chomwecho anapambana mpando wa Mufulira West, ndipo mu February 1972 chipanicho chinaletsedwa, iye ndi anzake ambiri n'kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Pofika December 1972 Zambia inali dziko la chipani chimodzi cha UNIP. Wailesi inali imodzi, ya boma, ndipo woimba aliyense ankadziwa kuti nyimbo yokhudza mtsogoleri sidzamveka kulikonse, mwinanso mwini wake sadzagona kunyumba.

N'chifukwa chake munthu wofufuza m'zimbale za Zamrock nyimbo yotchula Kaunda kapena UNIP moipa adzatopa pachabe. Oimbawa anatsata nzeru ya makolo yakuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ndale zimene ankaziimba momasuka zinali zimene boma nalonso linkagwirizana nazo: ukapolo ndi utsamunda, ulemu wa munthu wakuda, ndi ufulu wa abale a ku Rhodesia, Mozambique, Angola ndi South Africa. Za m'dziko mwawo ankazikamba podzera m'moyo wa munthu wamba, monga njala, ulova, mowa, mwana wamasiye ndi mkazi wosiyidwa. Katswiri wa njira imeneyi anali Paul Ngozi wa ku Lusaka, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, amene anabadwa mu 1949 ndipo ankaimba kwambiri m'Chinyanja. Ndi gulu lake la Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977, momwe muli nyimbo yomvera chisoni anthu a ku Zimbabwe, ndipo chimbale chake china, The Ghetto, chimakamba za moyo wa m'makomboni osauka. Gitala lake linali laukali kuposa la wina aliyense, moti nyimbo zake ndizo zimayandikira kwambiri punk m'kamvekedwe.

Kungakhale kulakwa kuwatcha amantha, ndipo kungakhalenso kukokomeza kuwatcha omenyera ufulu. Chimene anachita n'chooneka. M'dziko limene nduna ndi atsogoleri a chipani ankalalikira kuti wachinyamata wabwino ndi wometa, womvera ndi wobwerera kumudzi kukalima, iwo anaonetsa mwana wa m'komboni ataima pa nsanja, akudzitcha mfiti, akuchita phokoso limene palibe anamutuma. Ana a anthu amene anaomberedwa pa Nkana mu 1940 ankadzaza maholo a kampani yomweyo ndi nyimbo zawozawo. Zimenezo zinali ndi kulemera kwake ngakhale popanda kutchula dzina la mtsogoleri.

Kugwa kwake kunabwera msanga. Mu 1973 Rhodesia inatseka malire, ndipo mafuta anakwera mtengo pa dziko lonse. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo zingwe za gitala, zida zosinthira ndi pulasitiki yodindira zimbale zinayamba kuvuta. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndege za Rhodesia zinkaphulitsa misasa ya omenyera ufulu mkati mwa Zambia. Pa chiwembu china mu October 1978 pafupi ndi Mkushi panafera Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi wotchuka amene bambo ake anali Mtonga wa ku Nyasaland. Boma linaletsa kuyenda usiku ndipo linkazimitsa magetsi, choncho magulu anayamba kuimba masana kwa anthu ochepa. Eni malo omwera mowa anaona kuti kulipira munthu mmodzi woika zimbale za disiko n'kotchipa kuposa kudyetsa oimba asanu. Jagari anachoka mu WITCH n'kukaphunzira uphunzitsi wa nyimbo ku Evelyn Hone College ku Lusaka. Otsalawo, pamodzi ndi Patrick Mwondela, anatembenukira ku disiko pa zimbale za Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Nyimbo za kalindula zinatenga malo pa wailesi. Kenaka Edzi inalowa pakati pa oimba n'kukolola mopanda chisoni. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo mwa amene anayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala. Kwa zaka zambiri ankapeza chakudya pokumba miyala ya mtengo wapatali m'tchire.

Mkwiyo umene nyimbo sizinautchule unatulukira m'misewu. Mu December 1986 boma litakweza mtengo wa ufa, zipolowe zinabuka ku Kitwe, ku Ndola ndi m'matauni ena a migodi, ndipo anthu 15 anafa. Mu 1991 Frederick Chiluba, mtsogoleri wa mabungwe a apantchito amene anagwirapo ntchito ku Atlas Copco ku Ndola, anagonjetsa Kaunda pa chisankho.

Pilato wa ku Ndola

Ufulu wa zipani zambiri unabwera pamodzi ndi kugulitsidwa kwa migodi. Mu 2000 Nkana ndi Mufulira zinapita m'manja mwa kampani ya Mopani, imene mwini wake wamkulu anali Glencore. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito m'zaka zimenezo, ndipo maholo, makalabu ndi mabwalo amene kampani ya boma ya ZCCM inkasamalira anayamba kugumuka. Pakati pa Nkana West ndi Wusakile pali chiphiri chakuda cha zotsalira za m'ng'anjo, chimene anthu amachitcha Black Mountain. Achinyamata osowa ntchito amakumba mmenemo kufunafuna miyala yokhala ndi mkuwa ndi kobati, ena ndi mapiki ndi matumba okha. Mu June 2018 mbali ina ya phirilo inagumuka n'kupha anthu pafupifupi 10. Mbadwo umenewu ndiwo unabala oimba amene anachita zimene punk inachita ku London, ngakhale kuti chida chawo si gitala koma kompyuta ndi mawu olakatulidwa m'Chibemba ndi m'Chinyanja.

Wodziwika kwambiri ndi Fumba Chama, wobadwira ku Ndola mu 1984, amene amatchedwa Pilato. Monga WITCH ndi Amanaz, dzina lake ndi chidule cha mawu a Chingerezi, koma aliyense womva amakumbukira woweruza wa m'Baibulo. Anayamba ndi ndakatulo, ndipo kaimbidwe kake n'kolankhula kuposa kuimba, kodzaza nthabwala zoluma ndi mafanizo a pamsika. Mu 2013, pamodzi ndi Petersen Zagaze, anatulutsa Bufi, kutanthauza bodza, yokumbutsa boma la Michael Sata malonjezo amene silinakwaniritse. Kulimba mtima kwake kunali kwakuti chipani cha Sata, Patriotic Front, chinali ndi linga lake ku migodi komweko, ndipo chinalowa m'boma mu 2011 mothandizidwa ndi nyimbo ya Dandy Krazy yotchedwa Donchi Kubeba, yolangiza ovota kuti alandire mphatso za andale koma asaulule amene adzamuvotere.

Mu 2015 Pilato anatenga nyimbo yakale ya Nashil Pichen Kazembe, Aphiri Anabwera, yonena za munthu wobwera kumudzi kuchokera ku ulendo wautali ali chimanjamanja, n'kuisandutsa Alungu Anabwera. Anthu onse anamva kuti akunena Pulezidenti Edgar Lungu, amene anali atangolowa kumene pa mpando. Mu June chaka chimenecho apolisi anamumanga pa mlandu wochita zinthu zimene zikanasokoneza mtendere, koma boma linausiya mlanduwo usanafike pa chigamulo. Kumangidwako kunangoiwonjezera nyimboyo miyendo. Wailesi zikanatha kuikana, koma inkayenda pa mafoni ndipo inkalira m'maminibasi, kumene lamulo la 95 peresenti kapena mkulu wa wailesi alibe mphamvu.

Chimene chimamusiyanitsa ndi oimba ambiri odzudzula n'chakuti sanathere mu situdiyo. Mu 2017 zinadziwika kuti boma lagula galimoto 42 zozimitsira moto pa mtengo wa madola 42 miliyoni a ku America, kutanthauza miliyoni imodzi pa galimoto iliyonse. Pa 29 September 2017, tsiku limene nduna ya zachuma inkawerenga bajeti, Pilato, Laura Miti wa bungwe la Alliance for Community Action ndi anzawo anayi anapita kufupi ndi nyumba ya malamulo ku Lusaka atanyamula zikwangwani zofunsa za ndalamazo. Anali anthu ochepa kwambiri, opanda chida, ndipo otsatira chipani cholamula anali ochuluka kuwaposa. Apolisi anamanga a zikwangwaniwo. Mu December chaka chomwecho Pilato anatulutsa Koswe Mumpoto, kunena khoswe amene walowa mumphika, fanizo limene mayi aliyense wosunga ndiwo za mawa amalimva popanda womasulira. Otsatira chipani cholamula anati khosweyo ndi mtsogoleri wawo ndipo anaopseza woimbayo poyera. Mu January 2018 iye anathawira ku South Africa. Atabwerera mu May anamangidwa pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda chifukwa chosaonekera ku khoti pamene anali kunja, ndipo mu December 2018 khoti linapeza onse asanu ndi mmodzi osalakwa.

Mu December 2019 Pilato anamangidwanso ku Livingstone akuchititsa msonkhano wa achinyamata wokambirana za kayendetsedwe ka ndalama za boma. Mu June 2020, apolisi atakaniza zionetsero ndi kudzaza misewu ya Lusaka ndi zida, iye ndi achinyamata anzake anapita kutchire ndi zikwangwani zawo n'kuulutsa zionetserozo pa Facebook, ndipo anthu ambirimbiri anaonera pa mafoni. Lamulo limene apolisi ankagwiritsa ntchito kawirikawiri poletsa misonkhano yotere, la Public Order Act, ndi la 1955, lopangidwa ndi atsamunda pofuna kuthana ndi anthu onga Katilungu ndi Kaunda.

M'zaka zomwezi nyimbo zakale zija zinauka kwina. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kudindanso zimbale za Zamrock cha m'ma 2010, mogwirizana ndi Jagari ndi Rikki Ililonga wa gulu la Musi-O-Tunya. Filimu ya Gio Arlotta yonena za WITCH inatuluka mu 2019, ndipo Jagari ndi Mwondela, pamodzi ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, anayamba kuzungulira maiko. Mu 2023 anatulutsa Zango, chimbale chojambulidwa ku DB Studios ku Lusaka, komwe Lazy Bones!! inajambulidwira. Sampa the Great, wobadwira ku Ndola, anaimba ndi WITCH pa chimbale chake cha 2022, ndipo oimba a ku America Travis Scott ndi Tyler, the Creator anatengako zidutswa za nyimbo za Amanaz ndi Ngozi Family. Ulemu umenewu ndi woyenera, ngakhale kuti unafika ambiri mwa eni ake ali kale m'manda, ndipo okonda nyimbozi kunja amamva kulira kwa gitala kuposa mbiri ya Wusakile ndi Chamboli imene ili pansi pake.

Hakainde Hichilema atapambana chisankho cha August 2021, mothandizidwa kwambiri ndi mavoti a achinyamata ndi a ku migodi, boma lake linasankha Fumba Chama kukhala mlembi wamkulu woona za luso mu unduna wa achinyamata, masewera ndi luso. Ena anakondwa kuti woimba wodziwa mavuto a anzake walowa m'nyumba yopangira mfundo. Ena anadandaula kuti mawu amene ankaluma maboma awiri otsatizana tsopano ali pa malipiro a boma lachitatu, ndipo dandaulo limeneli si lopanda pake, chifukwa achinyamata a pa Black Mountain akadali ndi zofunsa. Chimodzi mwa zimene iye ndi anzake ankamenyera chinatheka. Mu December 2022 Zambia inafafaniza gawo 69 la malamulo a milandu, limene kuyambira mu 1965 linkalola kuti munthu wonyoza pulezidenti akhale m'ndende mpaka zaka zitatu.